Shoko Sasintha Imodzi

Idatsika m'phiri ikugwada,
kuluza ya a Nampuluma,
mphuno m'mwamba, mbuyo pansi,
pabampu iliyonse ya pa Chinamwali
ikugwedeza mutu ngati mkamwini pa mlandu.

Ndidaimva isanakhote.
Gudu. Gudugudu.
Kenaka kakulira kaja
ka chitsulo chikakumana ndi chinzake
popanda mphira wozilekanitsa.

"Ndi kabawuti chabe," adatero eni ake,
"mungomanga, matabwa akundidikira kwa Chingwe."
Che Likwanya sadayankhe.
Adatsamira pangodya ya galimoto ndi manja onse,
nakankhira pansi, nasiya,
nawerenga mokweza:
kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.
"Yamoyo imaima pa kamodzi.
Asiyatu, jeke."

Ndidalowa kunsi chagada, pakatoni.
Kunsiko galimoto sinama.
Dothi la ku Jali, mankhusu a mpunga wa ku Kachulu,
masamba a paini omatirira pagirisi,
ulendo uliwonse udasiyako kalata yake.
Shoko ya kumanzere yanyowa thupi lonse,
oyilo wayenderera mpaka kuphazi
fumbi n'kumuphimba, kuti anthu asaone.
Bushi idatha kalekale,
padangotsala dzenje lake.
Sipulingi yachitatu yathyoka pakati
koma ikadali pamzere ndi zinzake,
ngati palibe chachitika.

Nati idakana.
Ndidaithira palafini, ndidaipatsa nthawi,
ndidalumikiza paipi ku sipanala,
ndidaitchula dzina limene sindingalembe pano.
Itavomera idavomera mwadzidzidzi,
chala changa n'kukapsompsona chasisi.
Magazi ndi girisi, mtundu umodzi pofika madzulo.

Shoko ija ndidaiimika pansi,
ndidaikankha ndi dzanja limodzi.
Idangolowa, fooo,
ngati mpeni m'papaya lakupsa,
osabwereranso.

"Sinthani yomweyo," a Nampuluma akutero,
chala chili pafoni, akufunsa mtengo ku Limbe.
"Inayo ikadali bwino."
Che Likwanya adapukuta manja pang'onopang'ono.
"Shoko sasintha imodzi, achimwene.
Yatsopano idzasenza katundu wa yotopayo.
Mvula isanathe mudzabwera nazo zonse zitafa."
Adakangana mpaka mthunzi wa mbawa
udachoka pa ife n'kupita pa ogulitsa chinangwa.
Adagula ziwiri, akudandaula.

Mawuwo adanditsata kunsi kwa galimoto.
Ndikumanga, ndinkaona amayi
akutsika njira ya ku Mulunguzi m'bandakucha,
mtolo wa nkhuni wotalika kuposa chitseko,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
chipitireni bambo ku Joni.
Mwala uliwonse unkathera m'mawondo mwawo
kuti ife pamwamba tisamve kugwedezeka.
Mawondo alibe jeke.
Sagulitsa atsopano ku Limbe.

Lachinayi tidamaliza.
Che Likwanya adaika kapu ya madzi padashibodi:
"Kayese. Akatayika, ubwerere kunsi."
Ndidakwera msewu wa Ku Chawe m'giya yachiwiri,
ndikusaka dala maenje amene ena amazemba.
Madzi adanjenjemera, osatayika.

Potsika, pakona ya anyamata a mabulosi,
ndidawaona, nsalu yawo yobiriwira ija,
khosi lili njo pansi pa mtolo.
Ndidaima.
"Galimoto ya eni ake iyi," adatero,
"udzachotsedwa ntchito."
"Ndikuyesa shoko, mayi. Ndikufuna katundu."

Tidakweza nkhunizo kumbuyo.
Adakhala kutsogolo m'mphepete mwa mpando,
manja ali pamawondo,
akudikira bampu yoyamba ndi mano oluma.
Tidaidutsa.
Adandiyang'ana, nayang'ana kapu ija,
nafunsa ngati angamweko.